Mzere Womwe Chiswe Chinadya

Ana anga onse a Fomu 3 analakwa funso lachisanu ndi chiwiri. Onse, ngakhale Esitele amene. Ndinazitulukira Lachitatu m'mawa mu holo momwe tinasonkhana aphunzitsi a sukulu zisanu za kuno kwa Mkanda kudzachonga mayeso otsiriza chaka, ndipo mtima wanga unayamba kuwira pomwepo.

Ndine Dyna, ndimaphunzitsa kemisitiri, ndipo chimenecho chinali chaka changa choyamba pa ntchito. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala. Sindikana ayi, koma tamvani kaye nkhaniyi musanandiweruze.

Kachitidwe kathu n'kotere. Sukulu zisanuzi zimalemba mayeso amodzi. Mphunzitsi wamkulu pa phunziro lililonse ndiye amakonza mafunso pamodzi ndi pepala la mayankho, lomwe timalitcha kiyi. Pochonga timasinthana mapepala kuti wina asakondere ana ake, ndipo zomwe zili pa kiyi ndi zomwezo basi. Mwana akalemba zosiyana ndi kiyi, mtanda wofiira. Woyenera kusintha kiyi ndi mwini wake yekha, ndipo akasintha amasayina. Mwini kiyi ya kemisitiri anali a Zakeyu, bambo aulemu wawo, a imvi za m'mbali, omwe anayamba kugwira choko ine ndikadali kusewera fulaye.

Funso lija linali la malikisi asanu ndi atatu. Linkafuna kuti mwana asonyeze mwatsatanetsatane zomwe zimachitika mpweya wa pulopini ukakumana ndi HBr. Pulopini ali ndi makaboni atatu ondondozana, ndipo wapakati ndi mmodzi wakumapeto ndi omangana kawiri. HBr ndi haidirojeni wogwirana ndi bromini. Zimenezi ndinawaphunzitsa ana anga mu Meyi, popanda labu, popanda ngakhale botolo limodzi loti anunkhize, choko ndi pakamwa basi. Ndinawauza kuti chomangira chachiwiri chija chili ndi maelekitironi otayirira, ndiye ndicho chimayamba kukoka haidirojeni. Haidirojeni akakokedwa, bromini amatsala yekha atanyamula maelekitironi onse awiri, n'kumadikira. Tsono nkhani yagona pa kaboni yemwe haidirojeniyo akakhalepo. Akakhala pa wakumapeto, wotsala wosowa maelekitironi ndi wapakati. Akakhala pa wapakati, wosowa ndi wakumapeto. Bromini amathamangira kwa wosowayo.

Tsiku limenelo kalasi yonse inangoti kakasi. Ndinabwereza kachitatu, mpaka choko chinandithera m'zala. Kenako Esitele anakweza dzanja. Esitele ndi mwana wa a Maliko, omwe anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina kuseri kwa dambo. Ndi mtsikana wosalankhulalankhula, wa m'manja mwakuda ndi utomoni wa fodya.

"Madamu," anatero, "ndiye kuti zili ngati mizati ya chigafa? Mzati wapakati umagwiridwa mbali zonse ziwiri, ndiye ngakhale ufooke sugwa msanga. Wakumapeto ndi womwe mphepo imayambira."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Zinali zomwezo ndendende. Kaboni wapakati ali ndi anzake awiri omuchirikiza, amatha kupirira kusowako, choncho njira imadzera pa iyeyo. Haidirojeni kumapeto, bromini pakati. Kalasi yonse inamva kudzera m'chigafa cha Esitele, ndipo pa mayeso onse analemba choncho, mivi yawo yokhota yosonyeza komwe maelekitironi akupita italoza bwinobwino.

Kiyi ya a Zakeyu inaika bromini kumapeto.

Zikanakhala za malikisi chabe mwina ndikanameza. Koma a Maliko anali atabwera kusukulu sabata ziwiri mayeso asanayambe, atavala jekete la kutchalitchi, njinga ataitsamiritsa pa mtengo wa mthethe.

"Aphunzitsi," anandiuza, "ife ntchito pa esiteti yatha, mwezi wamawa tikubwerera kwathu. Mwanayu akuti akufuna za unamwino, ndipo ndamva kuti kumeneko popanda kemisitiri wanuyu salowa. Akapeza theka, 50, ndimusiya kwa mlongo wanga pa Mkanda pano amalize Fomu 4. Akalephera tikwera naye lole. Sindingasiye mwana kwa eni kuti azingowathera ufa."

Sananene mwankhanza. Koma tonse atatu tinkadziwa kuti kumudzi kwawoko sekondale ili kutali, ndipo akakwera loleyo sukulu yathera pomwepo.

Pepala la Esitele linagwera kwa Temwani, mnzanga wa ku koleji yemwe ananditsogolera pa ntchito ndipo amaphunzitsa pa sukulu ina mwa zisanuzo. Tinakhala benchi imodzi. Anawonkhetsa, n'kulemba 44 pamwamba, n'kuzunguliza. Ine ndinafika mochedwa tsiku limenelo chifukwa tcheni cha kabaza chinaduka panjira, ndiye kiyi inawerengedwa ine kulibe. Nditasuzumira pepalalo n'kuona mtanda wofiira pa yankho loyera ngati limenelo, ndinalanda kiyi m'manja mwa Temwani. Ndinawerenga kawiri. 44 kuphatikiza 8 ndi 52, ngakhale mwana wa Sitandade 2 akhoza kukuuzani.

"Temwani, iwe sukuona kuti izi n'zolakwika?"

"Ndaona," ananong'ona. "Khala phee. Tiwapeza pa nthawi ya tiyi."

Anaona! Anaona, komabe dzanja lake linalemba mtanda. Pamenepo ndi pomwe mutu wanga unatentha. Ndinaimirira. Temwani anandikoka siketi koma ndinamusasa. Mu holomo munali aphunzitsi oposa makumi atatu, a masamu, a Chichewa, a jogalafe, aliyense atawerama pa mulu wake. Ndinapita kutsogolo, n'kutola choko, n'kuyamba kujambula makaboni atatu pa bolodi, choko chikulira.

"A Zakeyu, pepani, kiyi yanu yalakwika pa nambala 7."

A Zakeyu anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mayi, m'mawa ndinafunsa ngati pali funso pa kiyi. Panalibe."

Funso limenelo amafunsa chaka chilichonse, ndipo aliyense amadziwa kuti si loyankha. Ndinapitiriza. Ndinajambula muvi kuchokera pa chomangira chachiwiri kupita kwa haidirojeni, wina kupita kwa bromini, n'kuika chizindikiro cha kusowa pa kaboni wapakati. Ndinalongosola mokweza ngati ndili ndi Fomu 1. A Zakeyu anangondiyang'ana mpaka ndinamaliza. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kope lakale la chikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Kope ili," anatero modekha, "anandisiyira aphunzitsi anga popuma ntchito. Iwo analemba ali ku koleji, inu musanabadwe. Ine ndinaphunzira za ulimi, koma pamene panalibe woti aphunzitse kemisitiri m'dera lino ndinasenza ndine, ndi kope lomweli, zaka 19. Bwerani muone nokha."

Ndinapita. Tsambalo linali lachikasu, zilembo zake zokongola, za anthu akale. Zoonadi, bromini anali kumapeto. Koma pamwamba pa tsambalo, pomwe pamakhala mutu, chiswe chinali chitadya n'kusiya m'mphepete mokhotakhota. Pa mzere wodyedwawo panatsala zilembo zisanu zokha, "oxide".

Ndinazindikira nthawi yomweyo. Mawu onse anali "peroxide". Amenewo ndi mankhwala ena oti ukawathira, HBr sadzeranso njira ija ya kaboni wosowa, amadzera ina, ndipo bromini amakakhaladi kumapeto. Mwini kopeyo sanalakwe chilichonse. Analemba chitsanzo chapadera, n'kuchipatsa mutu wake. Chiswe chinadya mutuwo, chitsanzo chapadera chija n'kusanduka lamulo la dera lonse. Mu funso la a Zakeyu munalibe mankhwala amenewo.

Apa ndi pomwe ndikanatseka pakamwa. Ndikudziwa. Koma ndinaganiza za ana onse omwe anadutsa m'manja amenewa, n'kukalemba zimenezi pa mayeso a boma osadziwa chomwe chawagwetsa, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Ndiye kuti zaka 19 zonsezi ana a kwa Mkanda akhala akuphunzitsidwa ndi chiswe?"

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa. Enanso awiri anatsatira. Ine m'malo moti ndilekere pomwepo ndinawonjezera kuti tsobola wakale sawawa. Nkhope ya a Zakeyu sinasinthe. Anatseka kope lija n'kumanganso mphira uja.

"Kiyi sisintha," anatero. "Tiyeni tipitirize ntchito."

Pa tiyi palibe anakhala nane pafupi, ngakhale oseka aja. Temwani yekha anandikokera kuseri kwa holo, kumene kunali mphepo yozizira ya Julaye ndi fumbi.

"Wapha mwana wako wekha," anatero.

"Ine? Ine ndi amene ndalemba kiyi yabodza?"

"Unalondola, Dyna, palibe akutsutsa. Koma munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Ukanadikira tiyi, tikanawatengera pambali. Akanabwerera mu holo n'kulengeza okha kuti wotayipa analakwitsa nambala 7, tonse n'kukonza. Chaka chatha a masamu anatero kawiri. Wotayipa ndiye amasenza zonse kuno, ndipo sadandaula chifukwa sadziwa n'komwe. Tsopano ukufuna asinthe bwanji? Akasintha ndiye kuti avomera za chiswe zija."

Ndinakwiya kwambiri chifukwa ankanena zoona. Ndinakwiyira a Zakeyu, ndinakwiyira Temwani ndi ulemu wakewo, ndinakwiyira mwambo woti choonadi chizilowera khomo lakumbuyo ngati wakuba. Ndinadzikwiyiranso ndekha, ndipo umenewo ndiye mkwiyo woipa chifukwa ulibe koupititsa.

Ahedi athu anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Anati kiyi ili ndi mwini wake, iwo sangalowerere. Anati ndikhoza kulemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ku boma, yankho lidzabwera sukulu zikadzatsegulira. Lachisanu tinatsekera, ndipo Esitele anatenga lipoti lolembedwa 44.

Loweruka ndinabwereka njinga n'kupalasa kupita ku esiteti. Ndinapeza a Maliko akumanga katundu pakhonde pa kanyumba kawo, mapoto m'thumba la feteleza, mphasa zitakulungidwa. Zigafa zinali mbee, fodya yense atapita ku okushoni. Esitele anandipatsa mpando n'kukakhala pansi chapatali. Ndinafotokoza zonse. Mpaka ndinatola kamtengo n'kujambula makaboni atatu pa dothi, nkhuku zikundizungulira. A Maliko anayang'ana mwaulemu ndithu.

"Aphunzitsi, ine zamakabonizi sindizidziwa. Chomwe ndimadziwa ndi nambala. Inu mukuti 52, pepala likuti 44, ndipo pepalali lili ndi chidindo. Aphunzitsi awiri mukutsutsana, wina wamkulu wina wamng'ono. Ine wosaphunzira ndikhulupirire uti?"

"Khulupirirani mwana wanu. Analondola."

"Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, mayi. Mlongo wanga ndinamuuza za 50, ndipo mwamuna wake adzafuna kuona pepala. Lole ikubwera Lachitatu. Mukabweretsa pepala lina losayinidwa lisanafike tsikulo, mwana atsala. Mawu anga sindibweza."

Esitele anandiperekeza mpaka pa dambo, akukankha njinga. Sanalire. Tili pafupi kusiyana anafunsa osandiyang'ana.

"Madamu, ndinalakwitsa pati?"

"Sunalakwitse paliponse."

"Nanga?"

Ndinakwera njinga n'kupalasa mwaukali mpaka unyolo wa m'khosi unandimatirira ndi thukuta.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwa Temwani n'kumupempha akhale mkhalapakati. Anapita yekha kwa a Zakeyu, n'kubwera madzulo dzuwa likadalipo. Anati bambowo sakukana kuona za mwanayo. Koma poti chipongwe chinachitikira pagulu, kupepesanso kuchitikire pagulu. Lolemba aphunzitsi onse ankakumananso mu holo muja kudzabweza mapepala ku sukulu zawo.

"Ndipepese chiyani? Kuti bromini amakhala pakati?"

"Upepese pakamwa pakopo. Za bromini usazitchule n'komwe."

Lolemba ndinavala chitenje pamwamba pa siketi, chinthu chomwe sindichita ku ntchito. Ndinaima kutsogolo, pafupi ndi bolodi lomwe lija. Wina anali atafufuta makaboni anga. Ndinagwira manja kutsogolo, n'kuweramitsa mutu, n'kunena mawu omwe Temwani anandiphunzitsa. Ndinati ndine mwana, ndinalankhula mwachibwana kwa kholo langa. Ndinati ndikupempha a Zakeyu ndi aphunzitsi onse andikhululukire, ndipo ndine wokonzeka kuphunzira kwa akuluakulu. Liwu lililonse linkandiwawa potuluka ngati ndikulavula minga ya nsomba. M'kati ndinkatukwana, ndipo sindibisa.

A Zakeyu anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Anati achinyamata a masiku ano ali ndi mapepala koma alibe mwambo. Anati mawu a akulu amakoma akagonera. Anati iwo alibe mangawa ndi munthu. Anthu anawomba m'manja, ndipo oseka aja ndi omwe anawomba kwambiri.

Gulu litabalalika anandiitana pa tebulo lawo. Temwani anaika pepala la Esitele patsogolo pawo. Anatsegula pa nambala 7, n'kuyang'ana mivi ya mwanayo nthawi yaitali, chala chawo chikutsatira muvi uliwonse. Ndikulumbira kuti anamvetsa. Ndinaona m'maso mwawo kuti amvetsa. Kenako anabwerera pa tsamba loyamba, n'kudula 44, n'kulemba 52. M'munsi mwake analemba kuti malikisi asanu ndi atatu awonjezedwa chifukwa cha khama ndi ukhondo wa ntchito. Anasayina. Mtanda wofiira pa nambala 7 sanaukhudze.

"Nanga kiyi?" ndinafunsa. "Nanga ana anga ena makumi anayi? Nanga a sukulu zinazi omwe apatsidwa malikisi pa yankho lolakwika, n'kupita nalo ku Fomu 4?"

"Mayi, tinagwirizana za mwana mmodzi."

Temwani anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinayang'ana 52 uja, inki isanaume n'komwe, n'kukumbukira kuti dzanja lomwe lalemba likhozanso kufufuta. Ndinatseka pakamwa. Aka kanali koyamba m'moyo wanga, ndipo sindinakonde kakomedwe kake.

Ahedi anadinda lipoti latsopano masana omwewo, ndipo ndinalitumiza ku esiteti ndi wa kabaza. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma Lachiwiri m'mawa a Maliko anatulukira kunyumba kwanga ndi Esitele, atanyamula kathumba ka mtedza pa keliyala. Nkhope yawo inali yowala. Anati mwana atsala, mlongo wawo wavomera, ndipo akufuna ndiwaperekeze kwa bambo achifundo aja akathokoze. Ndinayesa kuwaletsa. Anati munthu wosathokoza ndi mfiti.

Tinawapeza a Zakeyu pakhonde akumvera wailesi. A Maliko anavula chipewa, n'kutula mtedza uja, n'kuthokoza mobwerezabwereza. Anati akudziwa kuti mwana wawo sanafike pa mlingo, koma Mulungu anakhudza mtima wa aphunzitsi aakulu. Kenako anatembenukira kwa Esitele.

"Iwe, gwada. Thokoza bambo ako awa akuchitira chifundo."

Esitele anandiyang'ana. Anandiyang'ana ine, mphunzitsi wake yemwe ndinamuuza pa dambo kuti sanalakwitse paliponse. Ankadikira kuti ndinene kanthu. Lole inali isanabwere, ndipo pepala linali m'thumba la jekete la bambo ake. Ndinayang'ana pansi.

Anagwada pa simenti yozizirayo, manja pamodzi.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi."

A Zakeyu anamugwira pamutu mwachikondi.

"Dzuka, mwana wanga. Chaka chamawa ukalimbikire, usadzalakwenso funso ngati limene lija."

"Inde, aphunzitsi," anayankha Esitele.